Mmene atate analuzila mtsutso wa thonje

Ndili mu giledi sikisi ku Ndake, kunabwela aphunzitsi aakazi ochokela ku Kasama. Chinyanja chawo chinali chosakanikilana ndi Chibemba, koma akamadzudzula kujomba aliyense ankamva bwinobwino. Nyengo yotola thonje ikafika, m'kalasi munkatsala mabenchi okhaokha, ndipo zimenezi zinkawapweteka mtima.

Tsiku lina anakonza mtsutso wakuti kodi ndi bwino ana azigwila nchito kumunda. Ine anandiika mbali yokana. Ndinalankhula za msana, za dzuwa, za mankhwala opopela amene ankatiyabwitsa khungu, mpaka anzanga anaomba m'manja. Mbali yathu inapambana.

Ndinabwelela kunyumba ndikuyenda monyang'wa. Ndinapeza atate ali pa nsolo pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawauza pamaso pa anzawo kuti kuyambila mawa ine kumunda ayi, nkhaniyo yagamulidwa kusukulu. Atate anaseka mpaka kutsokomola. Anati zogamulidwa kusukulu zimathela kusukulu komweko, ngati ndikufuna tiuyambenso mtsutsowo pakhomo pano. Amai, amene ankasenda nshawa pakhonde, anavomela kukhala oweluza.

Atate anayamba ndiwo, ataimilila ngati mlaliki. Anati iwo anakula ndi khasu ndipo sanafe nalo, mwana wosadziwa munda adzadya mabuku, komanso yunifolomu imene ndinavalayo inamela m'munda wa thonje. Ya yunifolomuyo ndinaidumpha. Ndinangotchula msuweni wanga wa ku Luembe, amene anamuuza kuti athandize nyengo imodzi yokha, koma kusukulu sanabwelelenso. Atate anayang'ana pansi, anzawo aja n'kumangoseweletsa timiyala ta nsolo.

Amai anakutumula makoko pa chitenje, n'kugamula.

“Nonse mwalankhula zoona. Masiku a sukulu mwanayu azipita kusukulu, Loweluka azipita kumunda. Mizele yake ya mkati mwa sabata muzitola ndinu, atate ake, poti masana mumapezeka pansi pa mango pano.”

Atate anati achita apilo. Amai anayankha kuti woweluza apiloyo ndi iwo omwe, ndiye angotaya mate.

Anatoladi, uku akung'ung'udza. Ankauza aliyense wodutsa m'njila kuti mayi wina wa ku Kasama wawalanda nsolo asanawaonepo n'komwe. Koma atakumana ndi aphunzitsiwo kutchalitchi anawapatsa moni mwaulemu, za thonje osatchula, ndipo sabata yotsatila anandituma kuti ndikawapatse kandolo, mbatata ya m'munda mwathu.

Loweluka tinkatola moyandikana, ine mzele uwu, iwo uwo. Anali ochedwa kuposa ine, thonje lawo lodzaza zinyalala. Ankandifunsa zimene taphunzila sabata imeneyo, ndikawauza mawu a Chingelezi iwo n'kuwatchula mokhotetsa dala kuti ndikwiye. Ndinkakwiyadi, n'kuwasiya m'mbuyo ndi thumba lawo.