Lamba wa Besi ya ku Maganga

Ine ndimagulitsa nsomba, ndipo ntchito imeneyi inandiphunzitsa kusakhulupirira munthu. Msodzi akati chambo n'cha m'mawa uno, ndimachiyang'ana m'maso, ndimachikanikiza pamimba, kenako ndimachinunkhiza. Amuna anga amati ngakhale iwo ndinayamba ndawanunkhiza ndisanawalole.

Za besi zinayamba chonchi. Woimba besi wa kutchalitchi kwathu, kunyanja kuno, anapita ku Joni ndi gitala yake yomwe. Nyimbo zinatsala zosakoma ngati ndiwo zopanda mchere. Ine pa benchi ya amayi ndinkangoimba cha kummero zija ankaimba iyeyo, mpaka tsiku lina mkulu wa kwaya anatembenuka n'kunena kuti, "Mayi, m'malo molira ngati njuchi kumeneko, gulani besi. Poika zala ndikuonetsani." Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa chinthucho ndinkachifunadi, ndipo Pasaka anali pafupi.

Yatsopano ndinaiona m'sitolo ku Lilongwe, ndinafunsa mtengo, ndinathokoza, ndinatuluka. Ina ndinaipeza pamsika pa boma la Salima, pakati pa mawailesi akufa. Khosi lake linali lopindika ngati uta, mawaya ali dzimbiri lokhalokha. Wogulitsayo anati magetsi azima n'chifukwa chake sitingaiyese. Ndinam'lozera babu lomwe linkayaka pamutu pake.

Yachitatu inandipeza yokha. Munthu wina anamva kuti mayi wa nsomba akufuna gitala, ndiye anaimba foni kuti tikumane pa depoti, m'kanyumba kometera momwe muli sipika yaikulu. Anabwera pa kabaza, bambo wovala jekete kunja kukutentha, besi ataikulunga m'thumba la feteleza.

Anaitulutsa m'thumbamo. Inali yofiirira, yosalala, penti itangosuluka pamalo pogona dzanja. Ndinachita zonse zimene mkulu wa kwaya anandilangiza. Ndinaiika pa diso n'kuyang'ana khosi, linali lowongoka. Ndinakanikiza waya uliwonse kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, panalibe wonjenjemera. Wometa analumikiza chingwe ku sipika, ndinakhudza waya wamkulu, galasi la pakhoma linagwedera. Ndinainunkhizanso, musandiseke. Inkamveka mafuta a makina osokera, kusonyeza kuti mwini wake ankaisamala ngati mwana.

Apa m'pamene ndinayamba kuopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chabwino chonchi, mtengo wa mbuzi yaing'ono? Ndisanatsegule n'komwe pakamwa kuti tinenerere, bamboyo anatsitsa yekha. Kwathu kunsomba, wotsitsa mtengo asanapemphedwe ndiye kuti wanyamula za dzulo.

"Bambo, ndi yanu?"

"Ndi yanga, mayi. Ndatopa nayo."

"Tandiimbireni pang'ono."

Anaigwira ngati khasu, mawaya aakulu ali pansi. Wometa anayang'ana kumbali.

"Nanga lamba wake ali kuti?"

"Anaduka kalekale. Mukugula kapena mukufunsa milandu?"

Ndinati ndigona nayo nkhaniyo, tionane mawa pomwepo. Atangokhota, ndinapita kwa wakabaza uja n'kumufunsa kumene anawatenga. Anati ku Maganga. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: ndi yakuba. Ndinadziona ndili kutsogolo pa Pasaka, besi pachifuwa, apolisi akulowa pakhomo la tchalitchi. Amayi a kumsika akanandiimba mpaka kumanda. Ndinakwera kabaza yomweyo.

Ku Maganga sindinavutike. Nditangofunsa ngati kuli munthu amene anaberedwa gitala, mayi wina wosenza chinangwa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza nyumba ya pansi pa mango. Pabwalo panali phulusa lambiri ndi zitsa zopserera, panjapo udzu utagona chifukwa cha mapazi. Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Panali patachitika maliro.

Ndinaodira. Anatuluka mayi wamng'ono kwa ine, atamanga duku lakuda, n'kundiyalira mphasa m'nyumba. M'nyumbamo munalibe kanthu. Pakona panali madontho a mafuta pomwe pankakhala makina osokera. Pakhoma panali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera lamba wosokedwa ndi chitenje, wopindidwa kangapo kuti alimbe.

Ndinapepesa maliro, kenako ndinanena chimene chinandibweretsa. Sanadabwe.

"Ndi alamu anga amenewo," anatero. "Akulu awo a malemu. Titangoika, m'mawa mwake anabwera ndi ngolo. Njinga, makina, besi. Akuti n'za m'bale wawo. Lambayu anamusiya poti n'chitenje changa, ndinasoka ndine."

Ndinapsa mtima. Wakuba ndinali nditamukonzekera, koma osati wa mtundu uwu, woba masana anthu akuona, wina aliyense osatsegula pakamwa. Ndinati sindigula. Kenako ndinati ayi, ndigula, koma ndalama ndidzapereka m'manja mwawo, mwini wake weniweni.

Anagwira dzanja langa mwamantha. "Mayi, musayerekeze. Maliro sitinamete. Ndikangolandira kanthu pa katundu wa amuna anga tsopano lino, mawa mudzamva kuti ndinawapha ndine kuti ndidye chuma. Ana angawa akhala bwanji m'mudzi muno?"

"Ndiye ndiisiye?"

"Mukaisiya, ipita kumabala ku Lilongwe. Amuna anga sanaimbepo m'bala." Kenako anandifunsa kuti, "Inu mwati mumapemphera kuti?"

Ndinawauza. Anaimirira, anachotsa lamba uja pamsomali, anam'pinda bwinobwino n'kumuika pamiyendo panga. Sananene kuti gulani. Msomali unatsala wokha pakhoma.

M'mawa mwake ndinapita pa depoti. Bambo wa jekete anali atafika kale, akumwetulira. Ndinatulutsa lamba m'chikwama n'kumukoleka pa besi iye akuona. Kumwetulira kunathera pompo. Sindinamutukwane, ngakhale mawu anali atadzaza m'kamwa, poopa kuti mkwiyo wake akakautulira kwa mayi uja. Ndinam'patsa ndalama zake, sanawerenge n'komwe, anatuluka osatsanzika. Mpaka lero zimandiwawa kuti thukuta langa la pamchenga wotentha linalowa m'thumba la jekete imene ija.

Lambayo anali wautali, malemu ayenera kuti anali munthu wamtali. Besi inkandifika m'mawondo. Amuna anga anati tidule, ine ndinakana, ndinangomanga mfundo paphewa. Madzulo aliwonse ndikaweruka kumsika ndinkakhala pakhonde, zala zikununkha usipa, kulimbana ndi mawaya anayi mpaka nsonga za zala zinatuluka matuza. Aneba anapirira, Mulungu awadalitse.

Pa Pasaka ndinaimba nyimbo ziwiri zokha, ndipo ina ndinalowa mochedwa, mkulu wa kwaya n'kundiponyera diso loti tikaonana panja. Ndikuyang'ana kumbuyo kuti ndione amene akuseka, ndinaona duku lakuda pa benchi yomaliza. Anali atayenda wapansi kuchokera ku Maganga. Sankaimba, sankaomba m'manja. Anangotseka maso, dzanja lili pachifuwa.

Titatuluka ndinawapeza pansi pa mtengo akukonza patapata woduka. Ndinachita manyazi, ndinati pepani, ndikadaphunzira.

"Kuimba ndiye simukutha, mayi," anatero, osandinyengerera n'komwe. Anatambasula dzanja n'kukonza mfundo ija paphewa panga, anaikoka kuti ilimbe. "Koma mawu ake ndi omwe aja. Lamlungu likubwerali muimbanso?"