Anaimba Foni Ili M'thumba Mwanga

Anthu akwathu, zimene ndikulembazi si nthano ayi, ndipo ndikanakhala ndi luso lopeka nkhani ndikanapeka yabwino kuposa iyi, yoti pomaliza anthu aseke. Zinandichitikira ine ndemwe kuno kumunsi kwa phiri, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa eni nkhaniyi tikukhala nawo, pomwe mmodzi sindikudziwa ngati ali moyo kapena ayi.

Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma matenda owerenga sanandisiye. Ndimawerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira usipa, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, thumba la feteleza mbali zonse ziwiri. Chingerezi ndinachitola mu dikishonale ina yothothoka chikuto imene imayambira pa chilembo C, choncho mawu a A ndi B mpaka lero timangolonjerana patali. Ndiye mutha kuona chimene chinachitika chaka chimene mpunga unachita bwino ku Bwanje, nditasiya kafoni ka mabatani n'kugula foni ija yosisita ndi chala. Anzanga amaonerapo mpira, ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga masetingi onse, umodzi umodzi, ngati ndikukonzekera mayeso. Akazi anga anangoti bola sindinakwatire mitala, ndakwatira foni.

Masiku amenewo foni yanga inkalira ngati ya bwana wa kampani. Nambala ndinali nditailemba pa chikwangwani chotsatsira mpunga m'mphepete mwa msewu wa tala, ndipo inayenda kutali kuposa mwini wake. Ogula enieni anali ochepa. Ambiri anali aja amati atumiza ndalama molakwitsa ndiwabwezere, ena akuti ndawina njinga yamoto pa mpikisano umene sindinalowe, wina mneneri amene anaona m'masomphenya kuti ndikulodzedwa ndi wachibale, osawerengera ongoflasha. Tsiku lina inalira pamaliro abusa ali pakati pa pemphero, nyimbo yake yovinitsa, ine n'kumasokonezeka ndi matumba anthu onse akundiyang'ana. Madzulo ake ndinabwerera ku masetingi aja n'kupeza kamene ndinkafuna: kakuti munthu aliyense amene nambala yake sindinaisunge akaimba, foni isalire, isanjenjemere, ingomusiya panja. Ndinakayatsa. Mtendere wake, abale anga, ndinayenda mudzi wonse kudzitama kuti ndalemba mlonda wosafuna malipiro, ndipo ndinathandiza ngakhale anzanga angapo kulemba wawo.

Tsono ndili ndi mlongo wanga, mayi wamasiye, amene anabereka mwana wamwamuna mmodzi yekha. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba: mwana akadwala, akapalamula, akafuna banja, amathamangira kwa malume ake. Mnyamatayo anakulira pakhomo panga, ndipo ali wamng'ono ndinamuloweza nambala yanga ngati nyimbo ya kusukulu, poti ndi yomweyi kuyambira foni yanga yoyamba. Ndinkamuuza kuti pepala limanyowa, foni imagwera m'nyanja, koma cha m'mutu palibe angakulande. Atakula anayamba kukwera maboti a anthu ena kukapha usipa, ndipo nsomba zitayamba kuvuta anabwera kudzandiuza kuti wapeza munthu wodutsitsa anthu ku Joni kudzera ku Mozambique, popanda pasipoti. Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinalola, nanga ndikanamupatsa chiyani choti akhalire? Anachoka ndi foni yake m'thumba, nambala yake ndinali nditaisunga, ndiye mlonda wanga ankamudziwa bwino. Chimene sindinkadziwa, ine wowerenga mpaka matumba a feteleza, n'chakuti odutsitsawo anthu akangowoloka malire amawalanda mafoni.

Masiku anapita ali zii. Amayi ake akafunsa, ine ndinkayankha ngati katswiri kuti kumeneko netiweki ndi ina, adikire agule simu ya konko. Inali nyengo yokolola, tinali otanganidwa. Tsiku lina kumsika wa Mtakataka ndinakumana ndi bambo wina wogula mpunga, amene anandidandaulira kuti wandiimbira kangapo koma sindiyankha, kaya ndalemera. Pofuna kusunga nambala yake kuti mlonda amudziwe, ndinatsegula pamene pamaoneka anthu oimba osayankhidwa, malo amene ndinali nditaleka kusuzumirako. Pakati pa akuba anga a masiku onse panali nambala ina yaitali, yakunja, itabwerezabwereza kudzaza galasi lonse la foni, yambiri ya masana amodzi, mlungu wathunthu m'mbuyomo.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Nditafika kunyumba ndinawaonetsa akazi anga kuti taonani, mbiri yanga yafika kunja, tsopano ndikufunidwa ndi akuba a maiko ena. Iwo sanaseke. Anaiyang'anitsitsa nambala ija n'kundifunsa chapansipansi kuti kodi mwana uja anati adzera dziko liti. Ndinakhala pansi pakhonde, ndipo ndinakumbukira bwino lomwe masana amenewo: ndinali kumunda kupuntha mpunga, ndikuimba kanyimbo, foni ili m'thumba la malaya, pamtima penipeni.

Ndinathamangira ku golosale kukagula mayunitsi n'kuimba. Anayankha mayi wina wolankhula Chinyanja cha kutsidya, chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo atangomva kuti ndikuimba kuchokera ku Malawi anandifunsa ngati ndine amalume. Anati iwo amagulitsa tomato ndi anyezi pamsewu wopita ku Tete. Masana a tsiku limenelo kunatulukira mnyamata kuchokera kutchire, wopanda nsapato, milomo itang'ambika ndi ludzu, ndipo asanapemphe n'komwe madzi anapempha foni. Anawauza kuti anthu amene ankawadutsitsa anawatsekera m'nyumba ina yopanda mawindo, iye ndi anzake, n'kumawamenya kuti abale awo awonjezere malipiro, ndipo iye wathawa potuluka kukatunga madzi. Anati akufuna auze malume ake pamene ali, amuuze chochita, kaya athawire kupolisi ya konko kaya abisale, poti dzikolo sankalidziwa. Mayiwo atamufunsa ngati nambala ali nayo, akuti anamwetulira n'kuloza m'mutu, nati amalume ake amayankha foni ngakhale ali pamaliro.

Ndiye anaimba. Ikadula, aimbanso. Mayiwo akuti anamuuza kuti mwina walakwitsa nambala, iye n'kuitchula yonse mokweza ngati mwana wa sukulu, kuti amve okha kuti sanaphonye. Anamuuza ayese wina, iye anati ya amayi ake saidziwa pamtima, yokhayi ndi imene anaphunzitsidwa. Anakhala pansi kuseri kwa madengu akuimbabe, mpaka galimoto ina yoyera inatulukira ikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Mnyamata ataiona anaika foni ija mudengu la tomato mwaulemu, n'kuwapempha kuti malume akadzaimba adzawauze kuti asawauze amayi ake, kenako analowa kutchire akuthamanga. M'galimoto munatsika amuna awiri, anafunsa, mayiwo anakana kuti sanaone munthu, koma iwo anayang'ana mapazi pafumbi n'kulowa kutchire komweko. Kuchokera pamenepo sanaonenso mnyamata, ngakhale amuna aja.

Mayiwo anati masiku otsatira anayesanso okha kundiimbira, osayankhidwa, mpaka anaganiza kuti mwina malume wake ndi munthu wouma mtima. Ndikanawayankha chiyani? Kuti ndinali ndi mlonda?

Pempho la mwanayo sindinalisunge. Chinthu chotere ungambisire mayi wake mpaka liti? Ndinapita kwa mlongo wanga m'mawa mwake, ndinamupeza akupeta mpunga, ndipo ndinamuuza zonse, za kamasetingi kaja komwe. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, mwinanso ndinkafuna atatero. Iye anangoika lichero pansi n'kundifunsa ngati tsopano foniyo ikulira. Nditati inde, anati achimwene, nambala imeneyo musadzaisinthe, ndi yokhayo imene mwana wanga akuidziwa.

Tinakanena konse kumene munthu amayenera kukanena. Wodutsitsa anthu uja nambala yake inali itazima, ndipo munthu amene analozera mnyamatayo kwa wodutsitsayo anati naye ankangomudziwira pafoni. Nditagulitsa mpunga ndinakwera phiri kupita ku Dedza, ndinawoloka malire, ndinayenda mpaka kukawapeza mayi a tomato aja. Anandilandira ngati wachibale, anandionetsa pamene anakhala, anandionetsa kanjira kamene analowera. Ndinalowamo ndikuitana dzina lake mpaka mawu anatha, koma tchire la eni silikuyankha mlendo. Pobwerera mayiwo anandionetsa foni yawo, kafoni ka mabatani komanga ndi mphira, ndipo ndinaona kuti nambala yanga anaisunga tsiku lomwe lija, n'kulembapo kuti Amalume. Iwo osandidziwa anandisunga, pomwe foni yanga yanzeru inkawayesa akuba.

Padutsa zaka tsopano. Ena amati mwina anafika ku Joni ndipo akuchita manyazi, ena amati ali m'ndende ya kwinakwake, ena sanena kanthu, amangoyang'ana pansi, ndipo amenewo ndi amene ndimawamva kwambiri. Maliro sitinakhale, nanga ungalire bwanji munthu amene sunamuike? Kamasetingi kaja ndinakazimitsa tsiku lomwe ndinaona nambala yakunja ija, ndisanaimbe n'komwe, ndipo lero ndine kasitomala wokhulupirika wa akuba onse a m'dziko muno. Ndimayankha aliyense. Wa njinga yamoto ndimamumvetsera mpaka amalize, mneneri uja tinafika podziwana mawu, woflasha ndimamuimbira ndi mayunitsi anga. Posamba foni ndimaipachika pa udzu wa bafa. Choopsa kwambiri ndi mafoni aja umayankha koma mbali inayo kuli chete, kungomveka mphepo. Anthu amati ndi vuto la netiweki, ndipo mwina akunena zoona, koma ine sindidula. Ndimatchula dzina lake n'kumuuza kuti ndine malume ako, ndayankha, lankhula, mpaka foni idule yokha.

Kodi ndikanayankha tsiku lija ndikanamupulumutsa? Ndadzifunsa mpaka kutopa. Mwina ayi, ndinali kutali, ndipo galimoto inali kale pamsewu. Koma akanamva mawu a munthu wake asanalowe kutchire kuja, ndipo sakanathamanga akuganiza kuti malume aona nambala n'kuinyalanyaza.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti amene anapanga kamasetingi kaja sanalakwe, koma anapangira anthu a kwina, kumene aliyense ali ndi foni yake yodzaza moto ndi mayunitsi. Kwathu kuno tsoka limaimba ndi foni yobwereka. Wodwala kuchipatala amabwereka ya woyandikana naye bedi, msodzi amene boti lake lagudubuzika amabwereka ya amene wamuvuula, wa pangozi ya minibasi amaimbiridwa ndi wodutsa m'njira. Onsewo kwa foni yanu ndi alendo. Choncho ngati akuba akutopetsani, tsekani nambala zawo imodzi imodzi, ndi ntchito yotopetsa koma sipha munthu. Ndipo musanatseke chitseko chonse, yambani mwaganiza ngati palibe wina kunjaku amene anaiika nambala yanu m'mutu chifukwa inu munamuuza kuti mudzayankha.

Mlongo wanga amabwera kwathu Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Safunsa za moyo wanga, safunsa za mpunga. Amatenga foni pathebulo, amaona ngati ili ndi moto, n'kuiika pamiyendo pake, ndipo timakhala choncho awiri mpaka dzuwa lipendeke.