Dzina Limene Silinakwane pa Foni

Anthu a mumsewu wawo ankamutcha Kachete. Ankapanga masamba a pa intaneti m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake. Luso lake linali lakuti tsamba loyalidwa pa kompyuta yaikulu lizikwananso pa kafoni ka m'manja, zithunzi zitandandana chotsika, mabatani ali akuluakulu moti ngakhale chala chonenepa chisaphonye. Mlamuyo ndiye anali wapakamwa. Ankasaka makasitomala ndi kuika pa intaneti ntchito yomalizidwa. Pansi pa tsamba lililonse ankalembapo mayina awo awiri, monga amachitira anthu a ntchitoyi.

Kampani ina itafuna wopanga masamba, Kachete anapitako mtima uli m'mwamba.

"Mwati tsamba la hotela ija munapanga ndinu?" anafunsa bwana wa pamenepo, mayi wamagalasi. Analitsegula pa foni, kutsetsereka ndi chala mpaka pansi, n'kumuonetsa. Panali dzina la mlamu lokha. La ogulitsa matayala, chimodzimodzi.

"Pa kompyuta lilipo," anatero Kachete.

Mayiwo anayang'ana mzere wa anthu ena ofuna ntchitoyo panja. "Tikuimbirani, chemwali."

Atabwerera kushopu, Kachete anatsegula tsambalo pa kompyuta. Dzina lake linalipo. Anayamba kulipanikiza tsambalo pang'onopang'ono kuti lichepe, ndipo litafika pa msinkhu wa foni, dzinalo linangoti zii. Inali njira yobisira zokongoletsa pa foni, imene iye yemwe anaphunzitsa mlamu wakeyo.

"Alamu, dzina langa munaliyesa chokongoletsa?"

Mlamuyo anaseka, maso ali pa chaja imene ankakulunga. "Si inu nomwe mumati pa foni malo ndi ochepa? Komanso makampani akakutolani, ine nditsala ndi ndani? Ndi zapachibale izi, alamu."

Kampani sinaimbe. Amene anaimba ndi mkulu wake wa Kachete, mkazi wa mlamu uja.

"Iwe, usandipasulire banja chifukwa cha timalemba tosaoneka n'komwe. Ndinamuuza ndine kuti akuchotse, kuti usatithawe."

Kachete anangoti, "Chabwino, achemwali." M'mawa mwake anakatenga laputopu yake, makiyi a kachipinda kaja n'kuwasiya pa kauntala.