Bulangete la achemwali

Bulangete lija ndinalandira ku kampu, pa sukulu ya pulayimale ya kumunsi kwa Zingwangwa, phiri litangotigwera kumene. Ndi lotuwa, lolemera bwino, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Mpaka lero pepalalo sindinang'ambe. Amene akufuna kunditcha wouma mutu anditche, sakhala woyamba.

Ndinkakhala ndi achemwali anga aakulu m'nyumba ya lendi m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kuja kumene nyumba zimachita kuberekana kumsana. Ndiwo anandilera mayi athu atamwalira. Ntchito yawo inali yokazinga zitumbuwa n'kukagulitsa pa siteji ya minibasi. Nyumba yathu inkanunkhira nthochi zakupsa chaka chonse, ndipo padzanja lawo lamanja panali chipsera chachikulu cha mafuta otentha chimene ankachitcha satifiketi yawo ya ntchito. Anali munthu wa pakamwa. Tsiku lina tikuchokera ku maliro a mayi wina amene anamukulunga m'nsalu ya msonkhano wa ndale, anandigwira mkono n'kunena kuti, "Iwe, tsiku langa likadzafika usadzandifunditse chitenje cha chipani. Ndikufuna bulangete latsopano, loti palibe anagonerapo." Tinaseka mpaka kufika kunyumba.

Namondwe uja anachokera ku nyanja ya mchere, atasakaza kale kwa anzathu a ku Mozambique. Wailesi inachenjeza, sitingakane. Koma munthu wa lendi ukamuuza kuti asamuke, asamukire kuti? Mvula inagwa osapumira mpaka makoma anayamba kutuluka thukuta. M'mawa wa tsikulo achemwali anandituma kumunsi kukagula mafuta ophikira, ati mvula ndi mvula koma anthu sasiya kudya zitumbuwa. Ndili pa okala ndinamva chiphokoso ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Nditatembenuka, pamene panali nyumba yathu ndi za anzathu panali chinjira cha matope ofiira, chochokera pamwamba pa phiri mpaka kumtsinje. Achemwali anali m'nyumba, akusenda nthochi.

Otsala tinakasonkhana pa sukulu ija. Madesiki tinawaunjika pakona, amayi kalasi yawo, abambo yawo. Kenako thandizo linayamba kufika: ufa, nyemba, soya pisi, sopo, ndowa za pulasitiki, mabulangete. Sindinyoza ayi. Popanda anthu amenewo tikanafa ndi njala ndi m'mimba. Anyamata ndi atsikana a mabungwe ankagwira ntchito mapazi ali m'madzi tsiku lonse. Kungoti ankakonda zithunzi, moti tinaphunzira kulandira ndowa ndi manja awiri n'kumwetulira pang'ono chabe, kuopa kuoneka okhuta.

Kumtunda asilikali ankakumba, pamodzi ndi chikatapila chachikasu. Anapeza anthu ambiri, ndipo aliyense akapezeka tinkathamangira kukaona. Achemwali sanapezeke. Patapita masiku anatiuza kuti ntchito yofufuza yatha, nthaka idakali yoopsa, munthu asakwerenso kumeneko. Chikatapila chinakwezedwa pa lole kupita kumaboma a kumunsi, kumene amati zinali zoipa kuposa kwathu. Ndinamvetsa. Koma kumvetsa ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kwathu munthu salowa m'bokosi wopanda chofunda, ndipo chofundacho chimachokera kwa m'bale wake weniweni. Nditalandira bulangete lija, latsopano, loti palibe anagonerapo, ndinadziwa mwini wake. Ndinaliika pansi pa mutu wanga ngati pilo, ine n'kumafunda chitenje. M'kalasimo munali mphepo, mawindo ena opanda magalasi, koma sindinalitsegule.

M'mawa wina ndinabwereka khasu kwa mlonda wa sukulu n'kukwera phiri. Ndinapezako amayi ena atafika kale, aliyense ali ndi wake amene anatsala m'matope: wina mwamuna, wina ana, wina apongozi. Sitinapangane ayi. Tinangoyang'anana n'kuyamba kukumba pamodzi, lero pa malo a uyu, mawa pa malo a uyo, poti maliro n'kulirana. Matope tinkaolera m'ndowa zathu zatsopano zija n'kukataya kumbali. Zina zinang'aluka sabata isanathe.

Nkhani inamupeza mtsikana wa bungwe amene ankayang'anira zogawa pa kampu. Anali mwana wabwino, wamawu ofatsa, koma tsiku limenelo anandiimitsa pakhomo la kalasi nkhope itasintha.

"Asisi, ndowa zimenezi ndi za madzi akumwa, si zosenzera matope. Ndiye kumtunda kuja n'koletsedwa, ndi denja. Komanso anthu akundiuza kuti bulangete lanu simukufunda. Ena akuti mukufuna mukagulitse ku Limbe."

"Amene akunena zimenezo abwere andiuze pamaso," ndinatero. "Bulangeteli munandipatsa kapena munandibwereka?"

"Tinakupatsani, koma ndi la anthu amoyo, asisi."

"Ndiye ine wamoyo ndalandira, zikomo kwambiri. Zotsalazo ndi za pabanja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuuza za achemwali, za zitumbuwa, za chitenje cha chipani. Mawa lake tinapeza magolovesi a labala ndi zophimba pakamwa zili pawindo la kalasi yathu, popanda wonena kuti zachokera kuti. Kuletsa sanasiye, tsiku lililonse ankatiletsa ndithu, ife n'kumuyankha kuti tamva, makasu ali paphewa.

Kenako kunabwera amalume kuchokera kumudzi kwathu ku Thyolo, mlongo wawo wa mayi athu, mwini mbumba. Anafika ndi jekete lawo la kutchalitchi, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa sukulu. Analira, ndipo misozi yawo inali yeniyeni, achemwali ankawakonda. Atapukuta m'maso ananena chimene anadzera.

"Mwana wa mlongo wanga, kumudzi anthu ali pa chiyembekezo. Sangamete, sangabalalike mumtima, maliro ali lende. Mwambo ulipo, sitinauyambe ndife. Munthu akapita ndi madzi osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga bwinobwino, kuliika m'bokosi, n'kukaika kumanda m'dzina lake. Mzimu wake upeze pogona, ifenso tipume."

Mwambowo ndinkaudziwa, ndipo sindinauonepo choipa pamene unkachitikira anthu ena. Koma tsiku limenelo ndinaukana.

"Amalume, munthu amene wakhala akusenda nthochi moyo wake wonse, lero nthochi ikalowe m'bokosi lake? Ikamuimbiridwe nyimbo? Achemwali sanapite ndi madzi kunyanja. Ali apa, pamtunda apa, ndikhoza kukulozerani ndi chala."

"Apa pati? Phiri lonseli? Asilikali alephera, makina alephera. Iwe ndi khasu lobwereka?"

"Ine ndi khasu lobwereka."

"Mawu a akuluakulu amakoma akagonera," anatero akudzuka.

"Agonere, amalume. Ine ndikhala ndikukumba."

Sanabwerere kumudzi. Anakagona kwa mnzawo ku Misesa, n'kumabwera m'mawa uliwonse kudzaima m'mphepete mwa matope, manja kumbuyo, kutiyang'ana ngati kapitawo wa pa esiteti ya tiyi. Ena mwa amayi aja anapeza awo. Tinatulutsa mwamuna wa mnzathu wina pansi pa khoma la bafa, tinatulutsa mwana ali m'kati mwa matiresi opindika. Aliyense akapeza wake ankapita kukaika maliro, ndipo ena ankabweranso kudzatithandiza. Ine ndinapeza chiwaya cha achemwali chitapindika pakati, kutali ndi pamene panali nyumba. Ndinachikumbatira ngati munthu.

Tsiku lina dzuwa litatentha, khasu la mnzanga linakola nsalu kumunsi pafupi ndi mtsinje. Tinasiya makasu n'kuyamba kufukula ndi manja. Anali mayi, wa msinkhu wa achemwali, wa thupi ngati lawo. Nkhope sinkazindikirikanso, ndipo sindifotokoza. Amalume anatsika m'matope ndi jekete lawo lomwe lija, anagwada pambali panga.

"Ndi yemweyu," ananong'ona. "Mulungu watimvera. Thamanga ukatenge bulangete."

Ndinapempha madzi. Ndinatsuka dzanja lamanja la mayiyo pang'onopang'ono, kuyambira kuzala mpaka pachigongono. Khungu linali litawonongeka, komabe pamene pankayenera kukhala chipsera panali posalala. Ndinatsukanso lamanzere, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza. Panali kachingwe ka mikanda kamene achemwali sakanavala ngakhale mutawalipira.

"Si iwowa," ndinatero.

"Mwana iwe, matope amasintha munthu. Ndani angatsutse? Palibe akumufuna mayiyu. Iwe ukufuna thupi, thupi ndi ili. Si bwino kuposa nthochi imene ukuikana?"

Sindibisa, mtima unafuna. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, manja ali matuza okhaokha. Ndikanangogwedeza mutu, mawa lake tikanakhala pa lole ya ku Thyolo tikuimba, ine n'kugona tulo koyamba. Amayi onse aja ankandiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti palibe akanandiulula.

"Mayiyu ali ndi mng'ono wake kwinakwake," ndinatero, "amenenso akukumba ngati ine. Ndimubere m'bale wake kuti ine ndigone? Ayi, amalume. Wakuba ndiye sindine."

Ndinavula chitenje changa chakunja n'kumufunditsa. Tinaitana a zaumoyo, anabwera ndi galimoto n'kumutengera ku chipatala chachikulu kumene anthu ankapita kukazindikira abale awo. Ngati anapezeka ndi ake sindikudziwa, koma mpata umenewo sindinamulande.

Madzulo ake amalume anandipeza pa mpopi ndikutsuka khasu. Mkwiyo unali utawathera, anangotsala ndi kutopa.

"Ife tikukaika maliro Loweruka, ufune usafune. Sindikukakamiza kubwera. Koma tipatse bulangetelo tikakulungire, kuti chofunda chichokere kwa iwe monga mwa mwambo."

"Mukakulungire chiyani?"

Anayang'ana kumbali.

"Nenani, amalume. Mukakulungire chiyani?"

"Ukudziwa."

"Nthochi simva mphepo. Ikafunde masamba ake."

Anapita. Ndinamva kuti mwambo unayenda bwino, kwaya inaimba, anthu anadya, anameta. Kumanda a kwathu kuli mtumbira wokhala ndi mtanda wolembedwa dzina la achemwali. Anthu a kumudzi sindiwada, anachita chimene chinawapatsa mpumulo. Ine sindinapiteko, ndipo ndikapita kumudzi ndimadutsa njira ina.

Sukulu inayenera kutsegulidwa, kampu inatsekedwa. Tinakumbabe mpaka matope anauma n'kusanduka ngati simenti, khasu n'kumangodumpha. Anzanga anabalalika mmodzimmodzi. Mtsikana wa bungwe uja potsanzikana anandigwira dzanja, anayang'ana bulangete lili m'khwapa mwanga m'pepala lake, n'kungoti, "Mulisamale, asisi." Panopa ndimachita lendi ku Chemusa, ndimaluka tsitsi pamsika. Pachinjira chija pamera udzu, ndipo ena ayambanso kumangapo. Mvula yoyamba ikagwa, madzi akakokolola nthaka, ndimakwera minibasi kupita kukayenda m'mphepete mwa mtsinje uja, maso pansi. Ndikamva kuti wina akukumba maziko kumeneko, ndimapita kukaima pambali. Amisiri a kumeneko amandidziwa. Ena amandiseka, ena akapeza kanthu amandiitana.

Chaka chatha m'nyengo yozizira amalume anabwera m'tauni kudzaonetsa maso awo kuchipatala, ndipo anafikira kwa ine. Akalamba, jekete lija likuwakulira. Kunali chiperoni choopsa, mphepo yolowa mpaka m'mano. Ndinawayalira pabedi panga n'kuwapatsa bulangete langa lokhalo logonera, lakale, lopyapyala, ine n'kudzipinda pamkeka ndi zitenje. M'mawa ndikuwapatsa tiyi ndinaona akunjenjemera, kapu ikugogoda mano. Maso awo odwalawo anali pamwamba pa kabati, pamene pamakhala chiwaya chopindika ndi bulangete lotuwa m'pepala lake.

Ndinakonzeka kukangana nawo. Mawu ndinali nawo kale pakamwa.

"Lija ndi limeneli?" anafunsa.

"Ndi limeneli."

Anamwa tiyi pang'ono, anakoka kabulangete kakale kaja kuphimba mapewa.

"Ulitsitseko nthawi zina uliyanike padzuwa, njenjete zingalowe," anatero. "Mwini wake uja sankalekerera. Akadzalipeza lobooka, tonse tidzaona zakuda."