Mchere Umene Ndinathira ndi Dzanja Langa

Ndinathira mchere m'ndiwo za amuna anga ndikudziwa kuti achipatala analetsa, ndipo lero ali m'manda. Inu owerenga, musavutike n'kunditukwana. Ofunika kunditukwana anamaliza kale, anandisiyira khutu logontha ndi mpata wa mano kutsogoloku. Ingomvani mmene zinayendera, mwina kwanunso kuli wodwala amene mukumuphikira.

Ndinakwatiwa chitengwa m'mudzi wina kufupi ndi boda ya Mchinji. Amuna anga ankalima fodya ndi mtedza, ine ndinkaoloka kukapikula zitenje ku Chipata n'kumagulitsa m'misika. Geni imeneyi abale awo sankaikonda, makamaka achemwali awo aakulu, aNaphiri, ndi mng'ono wawo Laisoni. Kwa iwo, mkazi woyenda pakati pa madalaivala a mathiraki ndi anyamata osintha ndalama sangabwere kunyumba ali bwinobwino. Ndinkangoti pakamwa mpawo, alekeni anene.

Matenda anayamba ndi befu. Akapalasa njinga pang'ono, ankakhala pansi n'kumapumira m'mwamba. Kenako mapazi anatupa mpaka nsapato kukana, chifuwa nacho osatha. Kuchipatala cha paboma anatiuza kuti mtima wafooka chifukwa cha BP yokhalitsa, ndiye madzi akudzaza m'thupi. Anatipatsa mapilitsi, koma adokotala anatembenukira kwa ine poti ndine wogwira mthiko. Anati mchere ndiwo ukusunga madziwo, ndiusiye. Analetsanso therere la soda kapena chidulo, nsomba zouma zothira mchere, tizokometsera ndiwo ta m'timapepala, kanyenya wa pachiwaya ndi mowa. Anati ndiziwaphikira masamba, nyemba, mbatata, nsomba yaiwisi ikapezeka, ndipo zikazizira mkamwa ndizichulutsa tomato ndi anyezi kapena kufinyira ndimu.

Ndinatsatira zonse. Bambowo ankadandaula kuti nkhwani zanga zikumveka ngati udzu wa ng'ombe, ine n'kumawaseka kuti ng'ombe siitupa mapazi. Ankadya akung'ung'udza, koma nsapato zinayambanso kulowa, mpaka anafika poyendera okha kudimba.

Tsiku lina aNaphiri anabwera kudzazonda, ndinawapatsa chakudya. Atangolawa nyemba anasiya, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinafotokoza za adokotala, iwo anangoti, “Ooh, chabwino,” n'kusamba m'manja.

Achewa anzanga mwadziwa kale zimene zinali m'mutu mwawo. Kwathu kuno mkazi akayenda njira zam'mbali sathira mchere m'ndiwo, poopa kudula mwamuna wake. Ndipo wodulidwayo amadziwika ndi chiyani? Kutupa ndi chifuwa. Basi, aNaphiri anaphatikiza okha: mkazi wa ku boda, mwamuna wotupa, ndiwo zopanda mchere. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo.

Mawa lake masana ndili pamoto, ndinangoona bwalo ladzaza. Laisoni sanafunse kanthu. Anandigwira tsitsi n'kundikhwekhwereza kuchoka kukhitchini mpaka pakati pa anthu, mawondo akunyuka. Anandiponda m'nthiti, aNaphiri akundiwomba makofi kuti nditchule dzina la dalaivala. Ena anatulutsa zitenje zanga zogulitsa n'kuziponya pamoto. Amuna anga anatuluka akukuwa kuti ndi achipatala analetsa, koma anawakankhira pampando, amvekere adyetsedwa khuzumule n'chifukwa chake akuikira kumbuyo hule.

Kenako aNaphiri anaika poto wa nyemba patsogolo panga, n'kundigwiritsa chikho cha mchere. Anati, “Ngati ulibe mlandu, thira wekha tikuona. Ukakana, nyamuka lero lomwe.”

Inu owerenga, mawu a adokotala ndinkawamva bwinobwino m'mutu. Koma magazi anali mkamwa, mudzi wonse ukundiyang'ana, ndipo mawu akuti hule ankandiwawa kuposa nthiti. Ndinatapa mchere wodzaza dzanja n'kuthira, ndikuwayang'ana aNaphiri m'maso.

Ndikanathira tsiku limenelo lokha, bwenzi mwina sindikulemba izi. Koma aNaphiri anasamukira kwathu kuti azindilondera. Anabwera ndi usipa wouma ndi therere la soda kuti mlongo wawo abwerere mphamvu. Mapilitsi anakawaponya m'chimbudzi, akuti akuwakodzetsa kwambiri, akuwaumitsa thupi. Ine chakudya chilichonse ndinkathira mchere pamaso pawo, mochita kuonjeza dala. Ndisaname, ndinali ndi mkwiyo, ndipo dzanja lililonse la mchere ndinkaliona ngati khofi lobwezera. Amuna anga nawo anali ataulakalaka mcherewo. Ankanyambita zala n'kumanditonthoza kuti pang'ono sipapha, bola mtendere pakhomo.

Mwezi usanathe, kutupa kunakwera m'ntchafu mpaka m'mimba. Ukadina chala pamwendo, dzenje linkatsala. Anasiya kugona chogona, ankangotsamira khoma. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. M'mawa wina ndinawaveka malaya n'kuuza aNaphiri kuti tikupita kuchipatala, afune asafune.

Iwo anakuwa kuitana mudzi. Anati umboni uja suwu, ndathira mchere ndipo munthu watupa, ndamudula mlongo wawo, tsopano ndikufuna kukabisa manyazi kwa madokotala. Posathira ndinali wolakwa, pothira ndinalinso wolakwa.

Ulendo uno Laisoni anabwera ndi mpini wa khasu. Woyamba unatera pakhutu, dziko lonse linangoti zii mbali imodzi. Wachiwiri unandipeza pakamwa, ndinalavula mano m'fumbi. Ndili pansi choncho ndinaona amuna anga akukwawa pakhomo, thovu lili kukamwa, dzanja atatambasula kuti anthu asiye. Mawu sankatuluka. Palibe anawaona, onse anali ndi ine. Pamene mayi wina woyandikana nafe ankakuwa kuti taonani wodwalayo, milomo yawo inali itada kale. Anawakweza pangolo kuti akapeze galimoto kumsewu, koma anatsirizika ng'ombe zisanafike pamsewu wa tala.

Maliro sindinalire nawo. Alongo anga anadzanditenga ndili chikomokere, ndinatsitsimukira kuchipatala chomwe chija. Nditachira ndinabwerera kwathu ku Kapondo ndi ana anga. Mlandu wondimenya unafika kupolisi, koma akuluakulu a mbali zonse anandiumiriza kuti za pachibale zithere kumudzi, ndipo ndinagonjanso. Chaka chatha ndinamva kuti Laisoni naye anamupeza ndi BP. Mkazi wake akumuphikira zopanda mchere, aNaphiri ndiwo akumukumbutsa, ndipo palibe wamufunsa dzina la dalaivala.

Tsono inu amene mukusamala wodwala mtima, BP, shuga kapena impso, ndikupempheni. Tsiku lokamva za zakudya musalowe nokha kwa adokotala. Tengani mlamu wovutayo, uja wapakamwa, akamve ndi makutu ake. Zimene aletsa musazichitire manyazi, ngakhale wodwalayo akuchondererani, ngakhale mudzi wonse ukuloza chala. Akakuopsezani, thamangirani kuchipatala kapena kupolisi wodwala akadali ndi mpweya. Ndipo inu abale, miyambo sindikunyoza, nanenso ndinakulira momwemo, koma mukaona ndiwo zopanda mchere pakhomo pa wodwala, yambani mwafunsa mpini usanakwere m'mwamba.

Ine ndinkaopa kuchoka pamudzi paja ndi dzina la hule. Ndikanakana chikho chija, akananditukwana, mwina akanandithamangitsa, koma ndikanawatenga amuna anga n'kumakawaphikira udzu wawo wa ng'ombe kwathu kuno. Ndinathira mchere kuti ndiyeretse dzina langa. Mpaka lero kumudzi kuja amanditchabe hule, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa kuti ndi bodza ndinamuthirira ndekha mchere.