Tsiku Limene Anazula Chingwe cha Sipika

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, m'nyumba mwathu ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, munkangomveka atsikana awiri oimba a ku Japan. Timawu tawo tinali tating'ono ngati ta ana a mkaka, ndipo zithunzi zawo zinali mbwee pakhoma la kuchipinda kwake. Kenako oimbawo anatulutsa chimbale cha rimikisi: nyimbo zawo zakale zomwezo, koma ng'oma zothamanga, mawu obwerezabwereza ngati chimbale chakalika. Ine chinkandipweteketsa mutu. Koma mwanayo anali wamanyazi, kusukulu ankadya yekha, ndipo chimbalecho n'chimene chinamupezera mnzake, mtsikana wa ku Pollokshields yemwe makolo ake timapemphera nawo mpingo umodzi.

Loweruka lililonse awiriwo ankakankhira tebulo kukhoma n'kumayeserera kavinidwe ka oimba aja, mpaka aneba apansi kugogoda kudenga kwawo ndi mtengo wa mopu.

Abusa atalengeza za chisangalalo cha achinyamata, anati mwana aliyense abwere ndi luso lake. Ndinapita ndekha kwa amayi oyang'anira achinyamata kukafunsa ngati ana angavine nyimbo ya Chijapani. Anati palibe vuto, bola avale modzilemekeza. Ndinawasokera masiketi opitirira m'mawondo.

Mwambowo unachitikira muholo, mapemphero atatha, anthu atanyamula makapu a tiyi. Nyimbo itangoyamba ana anakuwa, ena kuwomba m'manja. Mwana wanga, yemwe popereka moni ankayang'ana pansi, anali akumwetulira pamaso pa chikhamu.

Nyimbo ili pakati, mkulu wina wa mpingo anadzuka, kupita kukhoma, n'kuzula chingwe cha sipika. Muholo munangoti zii. Mwana wanga ndi mnzake uja anatsala ataimika manja m'mwamba.

"Izi ayi," anatero. "Alipo akumva zimene zikunenedwazi? Nanga ngati akuitana ziwanda? Tabwera kuno kudzataya ana ndi nyimbo za Chitchaina?"

Ndinaimirira kapu ili m'manja.

"Bambo, si Chitchaina, ndi Chijapani. Ndipo nyimboyo ikunena za ayisikilimu wosungunuka padzuwa. Mwanayu anandimasulira."

"Mayi, khalani pansi."

"Sindikhala. Chilolezo ndinapempha. Ngati chinakuipirani, bwanji osandiitanira pambali ine mayi wake? Pa ukwati uja mwezi watha munavina nyimbo za ku Congo mpaka kuvula jekete. Chilingala mumachimva inu?"

Kumbuyo ena anaseka chobisa. Amayi oyang'anira achinyamata aja, amene anavomereza ndi pakamwa pawo, anali kalikiliki kusanja mabisiketi, maso pambale. Abusa anati tonse tidekhe, nkhaniyi tikambirana bwino, kenako anaitana kwaya. Chingwe sichinabwezeredwe.

M'basi pobwerera mwana wanga sanalire. Anangoyang'ana pawindo, mvula ikutsetsereka pagalasi. Titatsala pang'ono kutsika anandiuza m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chomeza mawu chija kuti kumeneko sadzapondakonso.

M'kati mwa sabata amayi awiri a kumpingo anabwera kunyumba. Ndinkaganiza kuti adzapepesa mwana. Ayi ndithu, anabwera kudzandiuza kuti ndikapepese mkulu uja chifukwa ndinamuyankha pagulu.

"Nanga mwanayu amupepesa ndani?" ndinafunsa.

"Aaa, mayi, ameneyo ndi mwana, aiwala."

Ndinawatsegulira chitseko tiyi wawo asanamalize.

Sanaiwale. Choipitsitsa n'chakuti makolo a mnzake uja anachita mantha ndi zonena za anthu, n'kumuletsa kubwera kwathu. Loweruka m'nyumba munkakhala chete. Chimbale chija ankachimverabe, koma ndi zomvera za m'makutu, chitseko chili chotseka. Munthu wamkulu, wa ana akeake, anamulanda mwana mnzake mmodzi yekhayo chifukwa cha nyimbo imene sanafune n'komwe kufunsa tanthauzo lake. Ndikaganiza zimenezi mpaka pano mtima umandiwawa.

Abusa sanaitanitse zokambirana zija. Mwana wanga ali ku yunivesite tsopano, ndipo kutchalitchi amalowa pakakhala ukwati kapena maliro basi. Anthu omwewo amandifunsa kuti, "Kodi mtsikana uja anasowera kuti?" Ndimawayankha kuti akafunse amene anazula chingwe.

Ine ndimapitabe, poti sindinkapembedza iwowo. Mkulu uja ndikakumana naye pakhomo ndimati, "Mwadzuka bwanji, bambo," chifukwa ndi mmene anandilerera. Dzanja lokha sindipereka.