Mpando Wachitatu ku Bwalo la Ayezi

Tinanyamuka pa Barking, kuno ku London, Loweruka 10 koloko m'mawa, ine ndi mwana wanga Thoko. Ulendo unali wa ku bwalo la hoke ya pa ayezi, kukagula matikiti a chaka chonse. Kwa zaka zambiri Thoko wakhala akugula mipando iwiri, wake ndi wa a Phiri. Chaka chino wachiwiriwo ndinkaufuna ine.

A Phiri ndi a ku Chipata, neba wakale wa mkazi wanga. Thoko anabwera kuno ndi mayi ake ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ine ndinatsala ku Zomba kudikira mapepala mpaka mwana anakula. Amene ankapita naye ku ayeziko ndi a Phiriwo. Munthu wabwino, sindikana. Koma nsanje ndili nayo, ndipo si yochepa ayi.

Sabata yonse ndinali ndikuwerenga za hoke pa foni nthawi ya buleki ku ntchito. Ligi inatseka, ndiye anthu ankangokangana za mphekesera: kodi timu ipereke goloboyi wakale n'kutenga osewera ena, kapena ichotse wachinyamata? Ndinaloweza yankho ngati wa mayeso.

Sitima ya pamtunda inatisiya pa Blackhorse Road, tinalowa pansi pa Victoria line mpaka Finsbury Park. A Phiri tinawapeza pa siteji ya basi atavala sikafu ya timu, mu Juni, dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi mandasi a ku Tottenham mu jumbo.

"Ba Mbewe, bwanji? Manje lero mwabwera ku tchalitchi chathu!"

Ndinaseka ndi mano okha. Thoko, amene kwathu amandiyankha m'Chingerezi, anayamba kuthyola Chinyanja ngati wobadwira ku Lusaka. Basi inadya paundi imodzi ndi mapensi 75 pa khadi, tinakwera pamwamba. Awiriwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwawo ndi jumbo ya mandasi pamiyendo.

"Goloboyi wakale uja apite basi," anatero a Phiri, akusakaniza ndi Chingerezi. "Mawondo anasila."

Mayi wina wachizungu, naye wa sikafu yomweyo, analowerera kuti kugulitsa wakaleyo ndi kusayamika. Kenako anauza Thoko, akuloza a Phiri: "Bambo akowa alibe chifundo." Palibe anamukonza.

Basi ikukwera chitunda, ndinatsokomola.

"Ine ndikuti wakaleyo asachoke. Golo ndi lake, anayamba ndi iye. Winayo anangobwera kudzagwirizira."

Thoko anatembenuka, maso ali mbee ndi chimwemwe kuti ndalankhula za hoke. "Eee adadi, mwawerenga! Koma wakaleyo sanasewere zaka ziwiri, anavulala. Nthawi yonse ija pagolo panali winayo. Anthu anamuzolowera."

Ananena mosaganizira china chilichonse. A Phiri okha ndiwo anamva tanthauzo lake. Anayang'ana pa windo mpaka tinatsika.

Pabwalo tinafika cha m'ma 11:30. M'kati mukuzizira ngati mu filiji ya ku butchala, ana akugwa pa ayezi, makolo akuwomba m'manja. Thoko anakaima pa mzere, ife tinakhala pa benchi ndi tiyi wa m'makapu a pepala.

"Ba Mbewe, ngati mufuna mpando uja, tengani," anatero a Phiri motsitsa mawu.

Zinandinyansa kwambiri. Ndinkafuna kuwalanda, osati kupatsidwa ngati wopempha. Ndinati tione zimene mwana achite.

Thoko anabwera akuvina, matikiti ali m'manja. Atatu! Ndinayang'ana manambala: wake 14, wa a Phiri 15, wanga 16.

"Ndakuikani pafupi ndi ankolo, adadi, azikufotokozerani malamulo. Ine masewera akayamba sindifuna mafunso."

Pobwerera ndinakhalanso kumbuyo mu basi, ndikudya mandasi a a Phiri. Ulendowu unandiphunzitsa kuti zaka zimene sunalipo suzigula pa windo la matikiti. Kuyambira Seputembala ndizikhala pa 16. Ndikafuna kumuona mwana wanga akukuwa, ndiziwerama n'kusuzumira kuseri kwa phewa la a Phiri.